Mankhwala a ufa kapena thumba la PICS: chiti chimatchinga chuku?

Ambiri timamudera nankafumbwe chifukwa chofumbwitsa chimanga, koma ali ndi mlandu wina waukulu. Akamayendayenda m'thumba amanyamula timbewu ta chuku m'miyendo, pamsana ngakhalenso m'matumbo mwake, nkukatisiya mkati mwa njere yomwe waboola. Kupuma kwa anankafumbwe ochuluka kumawonjezeranso chinyezi ndi kutentha, zomwe chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimakonda kwambiri. Chukuchi ndicho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, wowononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa.

Mankhwala a ufa monga Actellic amapha tizilomboto, izi nzoona. Koma timbewu ta chuku samatikhudza. Nankafumbwe amafa, timbewu tomwe anabweretsa timatsala, ndipo thumba wamba limalowetsabe mpweya ndi chinyezi. Mphamvu ya mankhwalawo ikatha pakapita miyezi ingapo, muyenera kukhuthula chimanga nkuthiranso.

Ine mtima wanga uli pa thumba la PICS, lomwe linapangidwa ku yunivesite ya Purdue ku America. Lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba lolukidwa kunja. Mukamanga pulasitiki iliyonse payokha, tizilombo timamaliza tokha mpweya womwe watsekeredwamo, kenako timasiya kudya ndi kuswana mpaka kufa. Apa mpomwe thumbali limaposera mankhwala, chifukwa chuku nachonso chimafuna mpweya kuti chikule. Choncho wonyamula ndi wonyamulidwa yemwe amabanika pamodzi. Kuipa kwa thumbali nkoti kabowo kamodzi ka khoswe kamawononga zonse. Musanathire chimanga, uzirani mpweya m'pulasitikimo ndi kufinya, muone ngati sikuphwa. Nkhokwe yachitsulo imagwira ntchito mofananamo ndipo khoswe saithyola, kungoti imafuna ndalama zambiri poyamba.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi anthu amene amaganiza kuti thumbali ndi lochiritsa. Ayi ndithu. Poizoni amene analowa kale m'chimanga chili kumunda sachoka, ndiye njere zovunda ndi zobiriwira zisankhidwe nkutayidwa. Chinyezi chisapitirire 13 peresenti. Ngati mulibe choyezera, ikani njere ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa, chifukwa chikamangidwa chonyowa chimasasa m'thumba momwemo.