Miyezi 16 ndi kamera yojambula mbali zonse: zimene ndingayang'ane ndikamagula ina

Kamera yanga ya Insta360 X4 ndinaigula mu June 2024, patangopita miyezi iwiri itatulutsidwa, ndipo anandibweretsera ndi alamu anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg. Pa nthawiyo ndinkasankha pakati pa makamera atatu, omwe ndi X4 yomweyi, X3 ya kampani yomweyo yomwe inatuluka mu 2022, ndi GoPro Max ya mu 2019. Onsewa amagwira ntchito mofanana. Ali ndi magalasi awiri otong'oka ngati maso a chule, lina kutsogolo lina kumbuyo, lililonse limaona kupitirira pang'ono theka la malo okuzungulirani, ndipo pulogalamu yake imasoka zithunzi ziwirizo n'kukhala chimodzi chopanda kumbuyo. Chimene chinandikopa kuti ndilipire mtengo wa X4, womwe unali madola 499 a ku America, chinali nambala ya 8K yolembedwa pabokosi, yosonyeza kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi, poyerekeza ndi 5.7K ya X3 ndi 5.6K ya GoPro Max. Tsopano popeza ndayenda nayo m'mapiri, panjinga ndi m'nyanja, ndaona kuti nambalayo ndi yofunika ndithu, koma si imene yakhala ikundisowetsa tulo kapena kundisangalatsa.

Ubwino wa kamera yotereyi ndinaumvetsa bwino pa ulendo wa ku Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yomwe ndi yotalika mamita 3,002. Kuchokera pa kanyumba kogona alendo ka Chisepo, njira imafika poti munthu amakwawa pakati pa miyala ikuluikulu, manja onse ali pantchito, moti kuganiza zoloza kamera kulikonse n'kudziitanira ngozi. Ine ndinangoimangirira pa ndodo yake, ndodoyo n'kuitsindika m'chikwama chakumbuyo, basi n'kuiwalako. Popeza ndodoyo imakhala ndendende pakati pa magalasi awiri aja, pamalo pamene galasi lililonse siliona, imasowa mukanema, ndipo woonera amayesa kuti pali kandege kojambulira komwe kakutitsatira pamwamba. Nditabwerera kunyumba ndinapeza zinthu zimene ndili m'phirimo sindinazione n'komwe, monga nkhungu imene inkakwera mwakachetechete kumbuyo kwathu kuchokera kuchigwa, ndi nkhope ya bambo amene ankatitsogolera pamene anaiona nkhunguyo n'kuyamba kutifulumizitsa. Kamera ya galasi limodzi ikanangojambula miyala imene inali patsogolo panga. Panjinga nakonso, potsetsereka msewu wokhotakhota wochokera pamwamba pa phiri la Zomba, kanema amatuluka wosagwedezeka ndiponso wosapendekeka ngakhale njinga ikudumpha m'maenje.

Za 8K ija ndiyenera kufotokoza, chifukwa ambiri amanyengeka nayo monga ndinanyengekera ine. Timadontho 7,680 timene timapanga mzere uliwonse wopingasa wa chithunzi cha 8K sitikhala pa chinthu chimodzi chimene mukufuna kuonetsa, koma timamwazika kuzungulira mbali zonse. Mukadulapo chigawo choti munthu aonere pa foni kapena pa TV, mwachitsanzo gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulirako, mumatsala ndi timadontho pafupifupi 1,920, pamene pa 5.7K mumatsala ndi 1,440. Kusiyanaku kumaoneka pa masamba a mitengo, pa udzu ndi pa nkhope za anthu amene ali patali, choncho ndalama yowonjezera ija sindidandaula nayo. Komabe amene akuyembekeza kuti kanema wake adzawala kuposa wa kamera yabwino ya galasi limodzi yojambula 4K adzakhumudwa, makamaka m'nkhalango yothithikana kapena dzuwa likapendeka, pamene chithunzi chimayamba kuchita mchengamchenga.

Chimene chinandiphunzitsa kusankha kwenikweni chinachitika mu mwezi wachisanu, ndipo wolakwa ndinali ndekha. Kamerayi imabwera ndi tizivindikiro toonekera mkati totchinjiriza magalasi, koma tsiku limenelo ndinali nditatichotsa chifukwa dzuwa likawomba pa chivindikiro chilichonse choterocho limasiya timizere ta kuwala mukanema. Tili pa Dziwe la Nkhalamba, kumtunda kwa Likhubula, ndinaimika ndodo pamwala wonyowa kuti nditenge botolo la madzi m'chikwama. Kamphepo pang'ono kanaigwetsa. Sinagwe patali, mwina kutalika kwake kofika m'chiuno, ndipo sinazime n'komwe, koma nditaitola ndinaona kamzere koyera pakati pa galasi lakutsogolo, kafupi kuposa njere ya mpunga. Ndinapukuta ndi kansalu kangapo konse ndikudzinamiza kuti ndi fumbi. Usiku womwewo nditatsegula kanema pa foni, pakati penipeni pa chithunzi panali chibanga chambuu chimene chinkatsatira kulikonse kumene ndatembenuzira, ndipo dzuwa likakhala kutsogolo chinkakula ngati utsi. Pa kamera wamba galasi limabisala mkati, koma pa makamera awa palibe mbali imene ingagwere popanda galasi kukhala pangozi, chifukwa kutong'oka komweko ndi kumene kumaipatsa maso a mbali zonse. Ndinadikira munthu wopita ku South Africa kuti akaikonzetse, ndipo inabwerako patatha milungu isanu ndi iwiri, mvula itayamba kale ndipo maulendo amene ndinakonza atadutsa.

N'chifukwa chake makamera amene anatuluka m'chaka cha 2025 ndimawayang'ana ndi diso lina. Insta360 X5, yomwe inatuluka mu April, ili ndi magalasi oti mwiniwake angathe kuchotsa n'kuikapo ena ali kunyumba kwake, ndipo GoPro Max2 ya mu September nayonso magalasi ake amamasuka pongowapotokola ndi dzanja. Kampani ya DJI inalowa nawo mumsikawu mu July ndi Osmo 360, yomwe ili ndi malo osungira makanema okwana 105GB mkati mwake. Onse atatu amajambula 8K, kotero nambalayo siingathenso kuwasiyanitsa. Kwa munthu wokhala ku London, yemwe angatumize kamera kokonza Lolemba n'kuilandira sabata yotsatira, nkhani ya galasi ingakhale yaing'ono, koma kwa ife amene chilichonse timachita kutumiza munthu, funso loyamba kwa wogulitsa liyenera kukhala lakuti galasi likakalika lidzasinthidwa bwanji, ndi ndani, ndipo lapadera lingagulidwe tsiku lomwelo limodzi ndi kamera kapena ayi.

Chachiwiri chimene palibe anandiuza n'chakuti kamera yojambula mbali zonse sichepetsa ntchito, imangoisamutsa kuichotsa kuthengo n'kuibweretsa patebulo. Kanema amene amatuluka m'kameramo si woti n'kungomutumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook. Muyenera kukhala pansi ndi pulogalamu ya pa foni kapena ya pa kompyuta, n'kumauza chithunzi kuti apa chiyang'ane kutsogolo, apa chitembenukire kwa mnzanga, apa chibwerere m'mbuyo kuti phiri lonse lioneke. Ntchitoyi imakoma miyezi yoyambirira, koma kanema wa mphindi zitatu amandidyera madzulo athunthu, ndipo ndili ndi makanema a ulendo wa ku Nyika omwe chaka chatha ndisanawakhudze. Kukula kwake nakonso n'koopsa, popeza pa mlingo wapamwamba mphindi imodzi imadya pafupifupi 1.5GB, kutanthauza kuti khadi losungira makanema la 128GB silikwanitsa ola limodzi ndi theka. Laputopu yanga yakale inkachita kupuma ngati yathamanga, magetsi akazima ntchito n'kuthera panjira, mpaka ndinagula hard drive yapadera n'kusiyiratu maganizo osunga makanemawa pa intaneti, chifukwa bandulo yake singapezeke. Za makhadi ndichenjezeko pang'ono. Kamerazi zimafuna khadi lothamanga lolembedwa V30, ndipo limene ndinagula motchipa kwa wogulitsa wina mumsika linali ndi chizindikirocho pachikuto chokha, moti linkaimitsa kujambula pakangotha masekondi ochepa.

Batire silinandivutitse kwenikweni. Kampani imati limatha mphindi 75 pa 8K ndi mphindi 135 pa 5.7K, ndipo popeza ndimajambula tizidutswa ta mphindi imodzi kapena ziwiri, limodzi limandifikitsa madzulo. Pa maulendo ogona m'phiri ndimatenga ena awiri apadera, ndipo m'nyengo yozizira ya July ndimawasunga m'thumba la mkati mwa jekete, chifukwa batire lililonse likazizidwa limafooka msanga. Mawu amajambulika bwino munthu akaima, koma panjinga mphepo imaphimba zonse.

Kunyanja ndiye kunandidabwitsa. Kamerayi imalowa m'madzi mpaka mamita 10 popanda chikuto, pamene GoPro Max yakale imalekera pa mamita 5, ndipo ndinapita ku Cape Maclear ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndikajambula nsomba za mbuna za ku chilumba cha Thumbi zikundizungulira. Madzi sanalowe, koma chithunzi chinatuluka chothyoka pamsoko wa zithunzi ziwiri zija, nsomba ikamadutsa pamenepo n'kuduka pakati kapena kusowa mutu. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kumapindika mosiyana m'madzi, ndiye galasi lililonse limaona malo ochepa kusiyana ndi pamtunda, ndipo zithunzi ziwiri zija sizikumananso m'mphepete. Ili si vuto la kampani imodzi, ndi chilengedwe cha magalasi otong'oka, ndipo mankhwala ake ndi chikuto chapadera cholowera m'madzi chomwe chimagulidwa pachokha. Wofuna kujambula pansi pa nyanja awerengere mtengo wa chikutocho asanagule kamera. Pamtunda msokowo suvuta, bola chinthu chisayandikire kwambiri m'mbali mwa kamera, ndipo ndinazolowera kuiloza galasi limodzi kwa munthu amene ndikufuna kuti aoneke bwino.

Anzanga angapo a masewera andifunsapo ngati angagule yotereyi, ndipo yankho langa limatengera kumene kamera idzakhale. Ngati idzakhala pa thupi la wosewerayo, pa chisoti, pa njinga, pa bwato kapena pa chikwama cha wokwera phiri, palibe kamera ina imene ingapose ya mtundu umenewu. Koma mphunzitsi wina wa mpira wa miyendo amene anaibwereka kuti ajambule timu yake ali m'mphepete mwa bwalo anabweza tsiku lomwelo, chifukwa osewera a kugolo lakutali ankaoneka ngati nyerere, pamene theka la chithunzi linathera pa anthu oonera amene anali kumbuyo kwake. Iyeyo ndinamulangiza kamera ya galasi limodzi yotha kukokera chithunzi pafupi.

X4 yanga sindikuigulitsa pakadali pano. Tizivindikiro tija sitichokanso pamagalasi pokhapokha ndikaigwira ndekha m'manja, ndipo timizere ta dzuwa ndinangotivomereza. Alamu anga akubwera pa Khirisimasi, ndipo ndawatuma tizivindikiro tina tiwiri, chikuto cholowera m'madzi ndi khadi la 256GB logulidwa m'sitolo yodziwika.