Madzi, njinga kapena wapansi: chiuno chikavulala muyambire pati?

Munthu chiuno chikangoyamba kupezako bwino funso limakhala lomwelo, eti ndiyambirenso ndi chani poti kuthamanga ndi mpira andiletsa kaye. Zosankha zake kwenikweni ndi zitatu, kulowa m'madzi, kupalasa njinga ya ku jimu yosayenda ija, kapena kungoyenda wapansi. Koma musanasankhe lozani kaye ndi chala pamene pakupwetekapo, chifukwa ululu wa kutsogolo cha m'mphechepeche ndi ululu wa m'mbali pa fupa lotuluka lija sizifuna zinthu zofanana ayi.

Pa masabata oyambirira madzi amawina, palibenso kukangana. Mukaima m'madzi ofika m'chiuno miyendo imanyamula pafupifupi theka la kulemera kwanu, akafika pachifuwa kumatsala mwina gawo limodzi mwa magawo atatu basi, ndiye jointi ija imayenda popanda kuponderezedwa ndipo munthu amene kumtunda akutsimphina mumamuona akuyenda bwinobwino. Olo simudziwa kusambira palibe vuto, kungoyenda m'madzimo kupita kutsogolo, chammbuyo, chammbali, ndi eksesaizi yokwanira. Chokhacho pewani kusambira kokankha miyendo ngati chule kuja, kumatambasula ndi kupotoza chiuno nthawi imodzi ndipo ambiri a ululu wa m'mphechepeche kumawadzutsira vuto. Vuto la madzi ndi thumba. Kwathu kuno ma swimming pool ambiri ali kumahotela ndi kumakalabu, kulowa ndi ndalama kuphatikiza thiransipoti, ndiye katatu pa sabata kwa miyezi si aliyense angakwanitse. Akunyanja muli ndi mwayi koma kumbukirani likodzo, makamaka m'madzi osaya a m'mabango muja.

Njinga ndi imene ine ndimaikonda, koma ndi imenenso anthu amailakwitsa kwambiri. Nkhani yonse ili pa chishalo. Chikakhala chotsika bondo limakwera kufuna kukhudza mimba, kutsogolo kwa chiuno kumapanikizika pa raundi iliyonse, kenako munthu nkumati njinga yandipweteka chikhalirecho ndi mpando. Kwezani mpaka phazi likafika pansi penipeni pa pedulo bondo lizingopindika pang'ono chabe, musaweramire kwambiri ku mahandulo, ndipo giya ikhale yopepuka, mphindi 10 zokha poyamba. Ubwino wake thupi lakhala pampando, palibe kugunda pansi, koma mtima ukugwira ntchito thukuta nkutuluka ndithu. Njinga yapamsewu ndi nkhani ina, pali mabampu, maenje, kutsika mwadzidzidzi minibasi ikakudulani, ndiponso kuponya mwendo pamwamba pokwera kuja, imeneyo idikire kaye.

Kuyenda wapansi ndi kwaulere ndipo pamapeto pake tonse tiyenera kubwererako, kungoti kumapusitsa. Umanyamuka uli bwino, nkupitirira mpaka kumsika, pobwerera wayamba kupendekeka. Yambani pamalo athyathyathya, bwalo la mpira la pasukulu ndi labwino kuposa msewu wa zitunda, mapazi afupiafupi, ndipo kuli bwino mphindi 10 kawiri patsiku kusiyana ndi 20 kamodzi. Ngati mukutsimphina gwirani ndodo osachita manyazi, koma muigwire dzanja la mbali yomwe ili bwino osati yovulalayo, ambiri amatembenuza apapa.

Tsono a ululu wa m'mbali, uja umakudzutsa usiku ukaugonera, nthawi zambiri imakhala mitsempha ya minofu ya m'matako. Inuyo zitunda ndi masitepe ndi zimene zikusautseni, komanso kupingasa miyendo pokhala ndi kuima motsamira mwendo umodzi, pogona ikani pilo pakati pa mawondo. A ululu wa kutsogolo kuyenda kumawayanja kuposa njinga yotsika kapena sofa yofewa yotitimira ija.

Chilichonse mwa zitatuzi musachiweruze pompopompo, chiweruzeni mawa lake m'mawa. Kumva kuwawa pang'ono pochita si choopsa, koma ngati papita maola 24 ululu udakali pamwamba kuposa dzulo ndiye munaonjeza, chepetsani nthawi osati kusiyiratu. Mphindi 150 za eksesaizi pa sabata zomwe a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amalimbikitsa zija mudzafikako pang'onopang'ono, si za mwezi woyamba. Ndipo zitatu zonsezi sizilimbitsa matako mokwanira pazokha, muonjezere ka eksesaizi kogona chagada nkunyamula chiuno m'mwamba kaja.

Amene munachitidwa opaleshoni yosintha chiuno, zomwe adokotala anu ananena ndi zimene zili patsogolo, makamaka za kupinda mwendo komanso kulowa m'madzi bala lisanapole. Ndipo ngati mwagwa nkulephera kuponda, mwendo ukuoneka wafupika, kapena ululu ukubwera ndi kutentha thupi, si za jimu zimenezo, pitani kuchipatala akakujambuleni. Afizo, akatswiri othandiza ovulala kudzera m'maeksesaizi, aliko ku Queens, ku Kamuzu Central komanso ku Kachere ku Blantyre, akakupimani kamodzi kokha amakuuzani kuti mwa zitatuzi muyambe ndi iti.