Sola ya pagolosale panga ku Thyolo: katundu wabwino, chisamaliro chochedwa

Sola imene ndinagulayi ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Katunduyu ndikhoza kumugulanso, ndipo ena ndawalozera kale komwe ndinagula. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mmene kampani imene inandigulitsa imachitira ndi kasitomala ikalandira kale ndalama.

Ndinagula m'chaka cha 2023. Anandipatsa mapanelo atatu a 400W lililonse, inverter (makina osintha mphamvu ya m'batire kukhala magetsi a m'nyumba) ya 3kVA ya mtundu wa pure sine wave, wopereka magetsi osalala, ndi batire limodzi la lithium la 24V 100Ah, lomwe limasunga mphamvu pafupifupi 2.5kWh. Kwathu ndi kumudzi, kutali ndi msewu wa tala, ndipo mapolo a magetsi sanafike. Ndili ndi golosale, nyumba ili kuseri kwake. Pa sola imeneyi ndimayatsa filiji yaikulu yotsegulira pamwamba, mababu a m'nyumba ndi panja, TV, ndi potchajira mafoni a anthu. Mwana wa achemwali anga amametanso anthu pakhonde ndi makina ake.

Ndalama zake si zamasewera. Zonse pamodzi, kuphatikizapo mawaya, zitsulo ndi amisiri, zinaposa mtengo wa njinga yamoto yatsopano. Theka ndinapereka poyamba, zotsalazo ndinkatumiza pafoni mwezi ndi mwezi, ndipo apa kampaniyi inachita zachilungamo: kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, sanandiwonjezere ngakhale tambala pa zimene tinasainirana. Amene anapita kukafunsa mtengo pambuyo pake anabwerako atagwira pakamwa, poti katundu yenseyu amachokera kunja.

Chimene chabweza ndalama zanga ndi filiji. Kale ndinkadalira jenereta, ndipo aliyense amene anafunapo petulo mu 2022 akukumbukira mizere ya pamalo omwetsera mafuta ija. Ife akumudzi timagula kwa ogulitsa m'zigubu pamtengo wawo. Ndinkaliza jenereta madzulo okha, zakumwa zinkangozizira pamwamba, ndipo nkhuku sindinkayerekeza kusunga. Lero ndimagulitsa nkhuku zoyera, soseji, chambiko, mafilizesi a ana asukulu ndi thobwa wozizira. Kuno ku Thyolo alimi ambiri ali ndi ng'ombe zamkaka, ndiye mkaka wotsala madzulo ena amabwera kudzasungitsa pa kamtengo kochepa. Phokoso ndi utsi wa jenereta zinatha, makandulo ndimangogulitsa, ine sindiyatsanso.

Amisiri amene anabwera kudzaika ndiwayamikire. Ine ndinkafuna mapanelo akhale mbali ya denga yoyang'ana kumsewu, koma mkulu wawo anakana mwaulemu. Anandifotokozera kuti dziko lathu lili kummwera kwa equator, choncho miyezi yambiri, makamaka yozizira, dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo mapanelo ayenera kuyang'ana komweko atapendekeka pang'ono kuti madzi amvula azitsika okha. Anakwera padenga n'kuona kuti mtengo wa mapeyala umaponya mthunzi pa panelo limodzi dzuwa likapendeka. Mapanelo atatuwo ndi olumikizidwa mondondozana, ndiye limodzi likaphimbika onse amafooka. Tinasadza nthambi ziwiri tsiku lomwelo. Anakhomeranso chitsulo pansi choteteza ku mphenzi, ndipo chimango anachiwotcherera kuti akuba asamasule ndi sipanala usiku. Ntchito yawo inali yaukhondo, mawaya onse m'mapaipi, palibe lolendewera.

Tsopano nkhani imene wogulitsa sanandiuze, imene ndikufuna anzanga a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu muimvetse musanatulutse ndalama: chiperoni. Mu June ndi July kumatha kukhala mitambo, nkhungu ndi mvula yamawawa masiku otsatizana, dzuwa osaoneka ngakhale pang'ono. Mapanelo amapangabe mphamvu, koma yochepa kwambiri. Tsiku loyamba batire limapirira. Lachiwiri limagona lisanadzaze. Likafika lachitatu, inverter imayamba kulira mbandakucha kuchenjeza kuti mphamvu yatha, kenako imadzizimitsa. Wogulitsayo anawerengera zonse ngati chaka chonse ndi October. Akanandifunsa komwe ndimakhala n'kuganizira nyengo ya kuno, akanandilangiza panelo lachinayi kapena batire lokulirapo. Munthu wa ku Nsanje kapena Salima vutoli sangalione motere, koma ife a m'mphepete mwa mapiri tiziwerengera mwezi woipitsitsa, osati wabwino.

Ndinapeza njira yochepetsera vutoli, ndipo ikugwira. Pansi pa filiji ndimandanda mabotolo a madzi a malita awiri. Masana batire likadzaza ndimapotokola kabatani ka filiji kuti izizire mpaka mapeto, mabotolowo amauma gwa. Usiku wa chiperoni ndimaizimitsa, ndimaphimba chivundikiro ndi bulangeti, osatsegulatsegula. M'mawa nkhuku zimakhala zidakali zolimba ngati ndangoziika kumene, ndipo mphamvu ya m'batire imatsalira mababu ndi mafoni. Nyengo imeneyo TV timaonera nkhani zokha.

Mu September ndi October mdani ndi fumbi. Anthu amaganiza kuti dzuwa likamaswa mtengo ndiye kuti magetsi achuluka, koma panelo limafuna kuwala, osati kutentha, ndipo likatentha kwambiri mphamvu imatsikako. Fumbi likakhala pamwamba mumaona nokha manambala pa inverter akutsika. Timapukuta m'mamawa galasi lisanatenthe, ndi kansalu kofewa ndi madzi oyera, popanda sopo.

Ndinenenso zimene sola ya msinkhu uwu singachite, chifukwa ena amakhumudwa ndi zomwe sanalonjezedwe. Nsima simungaphikire. Hotipuleti ndi ketulo zimadya batire lonse m'kanthawi kochepa. Ine ndikuphikabe pa mbaula. Simbi yamagetsi ndimasita masana okha, kunja kukawala bwino batire litadzaza. Amene akukuuzani kuti mapanelo atatu akuchotserani makala m'nyumba akungofuna ndalama zanu.

Pa batire m'pamene ndikufuna kutsindika. Anzanga angapo anagula mabatire otsika mtengo a asidi, ena mpaka a galimoto, ndipo asintha kale. Batire la asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, mukamalikama usiku uliwonse limafa msanga. La lithium limalola kugwiritsa ntchito pafupifupi mphamvu yonse ndipo silifuna kuthiridwa madzi. Langali mpaka pano likusunga ngati mmene linkachitira lili latsopano. Inverter nayonso musagule yongoti bola ikuyatsa babu. Filiji imakoka mphamvu yambiri pamene ikuyamba kulira, ndipo ma inverter otchipa aja amapereka magetsi osasalala omwe amatenthetsa injini ya filiji mpaka kupsa.

Ndikunena izi chifukwa msika wa sola wakula mwachangu kuposa mmene ogula tikudziwira katundu. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi 130MW nthawi imodzi, ndipo ngakhale anthu a m'tauni amene sankaiganizira sola anayamba kuifunafuna. Mashopu a ku Limbe anadzaza mapanelo, abwino ndi achinyengo omwe. Mudzapeza panelo laling'ono kumbuyo atamata kapepala kolemba mphamvu yomwe silingatulutse. Muziyerekeza kukula kwake ndi ena a mphamvu yomweyo, muzifunsa ngati woikayo ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno, ndipo musachoke popanda lisiti ndi pepala la waranti lolembedwa zaka zake. Ukadaulo weniweniwo ndi wodalirika. Ku Salima kuli munda wa mapanelo wa 60MW womwe unayamba kupereka magetsi ku dziko mu 2021, ndipo ku Golomoti, m'boma la Dedza, kuli wina wa 20MW umene anaumanga pamodzi ndi mabatire akuluakulu. Ngati akatswiri a ntchito yaikulu ngati imeneyo anaona kuti mapanelo okha sakwanira popanda posungira mphamvu, nanji ife a filiji imodzi.

Tibwere ku dandaulo langa. Nthawi ya dzinja inverter inazima masana dzuwa lili phwee, ikuonetsa nambala ya vuto pagalasi. Kabuku kake n'ka Chingerezi chokhachokha, cha tizilembo ting'onoting'ono, ndipo nambalayo kanangoti funsani amisiri. Ndinaimba foni. Wondiyankha anali waulemu, "Pepani mayi, tibwera mawa," koma mawa lakelo linkangosuntha. Amisiri awo onse amakhala ku Blantyre, ndipo zikuoneka kuti amadikira madandaulo a mbali imodzi achuluke kuti anyamuke ulendo umodzi. Podzafika, nkhuku zina ndinali nditagulitsa motchipa, zina nditagawa kwa oyandikana nawo zisanaonongeke. Vuto lenilenilo linali laling'ono: kafani koziziritsa mkati kanatsekeka ndi fumbi ndi ukonde wa akangaude, makinawo n'kudziteteza pozima. Anasintha kafaniko ulere chifukwa waranti inali isanathe, ndipo ntchitoyo sinatenge ola. Chikundiwawa n'chakuti akanatha kundifunsa mafunso awiri pafoni n'kundiuza choti ndichite. Kwa munthu wa bizinesi ya zozizira, sabata yopanda magetsi ndi mpamba umene ukusungunuka.

Kwa eni kampani, pempho langa ndi ili: phunzitsani anyamata ndi atsikana a m'maboma muno, mukhale ndi mmisiri ngakhale mmodzi ku Luchenza kapena pa boma pa Thyolo, ndipo tanthauzo la manambala a mavutowa mulisindikize m'Chichewa pa pepala limodzi loti tizimata pakhoma. Makasitomala anu ambiri atsopano ali kumudzi kuno, osati ku Namiwawa.

Amene mukungofuna kuwala ndi kutchaja foni, musadzivute ndi zida zazikulu ngati zangazi. Timasola ting'onoting'ono ta mababu atatu kapena anayi tolipira pang'onopang'ono pafoni tikukwanirani, ndipo amayi anga akugwiritsa ntchito kotere mosadandaula. Koma ngati cholinga ndi filiji kapena bizinesi, funsani musanagule ngati inverter ndi batire zikulola kuwonjezera zina m'tsogolo, chifukwa si zonse zimalola, ndipo ena amakana kulumikiza batire latsopano ndi lakale la kampani ina. Zanga zimalola, ndipo ndikusonkhanitsa ndalama za batire lachiwiri ndi panelo lachinayi June asanafike.