Khosi lomanga ndi mabawuti pa besi yanga, patatha chaka ikulira

Gitala ya besi imene ndinapanga ndekha yapitirira chaka tsopano, yadutsa nyengo yachinyezi ndi youma, ndipo aliyense woigwira amayamba waitembenuza n'kuwerenga mabawuti a kumsana. Alipo 6. Khosi silinagwederepo, koma ine ulemuwo sindiupereka kwa mabawutiwo. Chaligwira ndi mphako imene tsinde la khosi limakhalamo, ndi mmene mabowo ake anabooledwera.

Gitalayi ndi ya nsambo 4, yotalika mainchesi 34 kuchokera pa nati ya kumutu (kamtanda komwe nsambo zimadutsapo kumutu kwa khosi) kufika pa buliji (chitsulo chogwira nsambo pa thupi), muyezo womwe wopanga magitala Leo Fender anaika pa besi yake ya Precision Bass mu 1951. Khosi ndi la mtengo wa maple, thupi la mtengo wa ash. Mphako ndinaikumba mamilimita 16 kuya, pafupifupi 64 m'lifupi, koma ndinaitalikitsako kulowa m'thupi kuti tsinde likhale ndi pogona pokwanira. M'malo mwa masikuluwu olowa m'thabwa ndinakwirira m'khosi tizitsulo ta mazinga, momwe mumalowa mabawuti a M5, onenepa mamilimita 5. Chitsulo chachikulu cha kumsana, chomwe masikuluwu amadutsamo pa magitala ambiri, palibe. Bawuti iliyonse ili ndi kawashala kake kolowa m'thabwa.

Nsambo zikatchunidwa zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, usana ndi usiku. Ambiri amaganiza kuti katundu yenseyu wasenzedwa ndi mabawuti. Ayi. Nsambo zimakokera khosi kulowa m'thupi, choncho gawo lalikulu la mphamvuyo liyenera kuthera pa khoma la kumapeto kwa mphako, thabwa kugunda thabwa. Ntchito ya mabawuti ndi kupana basi: kukanikiza tsinde pansi pa mphako mpaka matabwa awiriwo asaterereke. Ngati pansipo pali kabampu, kapena penti inadonthera n'kuumirapo, khosi limakhala ngati mpando wa mwendo umodzi waufupi, ndipo ngakhale mumange mabawuti khumi lipendamabe. Pa yanga ndinaphimba mphako ndi tepi popaka vanishi, pansi pake n'kusiya thabwa losapaka kanthu. Nditachotsa khosi posachedwapa, chidindo cha tsinde chinali chitadinda paliponse mofanana, ngodya ndi ngodya. Chimenecho ndicho chinandisangalatsa kuposa china chilichonse pa gitalayi.

Nkhani ya mabowo ndiyo anthu amaipeputsa kwambiri. Bowo la m'thupi liyenera kukula pang'ono kuposa bawuti, kuti bawutiyo ingodutsa osaluma. Pa M5 ndinaboola mamilimita 5.5. Mazinga akaluma m'thupi ndi m'khosi momwe, mutu wa bawuti umalimba pa thupi khosi lisanakokedwe, dzanja n'kumva ngati mwamanga pomwe pakati patsala mpata. Ndagwirapo magitala a kufakitale amene anali ndi vuto lomweli, ndipo kungokuza mabowo a m'thupi kunathetsa kugwedera kumene eni ake ankaganiza kuti n'kofuna khosi latsopano.

Mbiri nayo ikuvomereza. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya Fender inasintha magitala ena kuchoka pa masikuluwu 4 kupita pa 3, n'kuwonjezera kachipangizo kopendeketsera khosi kotchedwa Micro-Tilt. Magitala a nthawi imeneyo anatchuka ndi khosi losuntha, anthu n'kumaloza chala sikuluwu yochotsedwayo. Koma okonza magitala ambiri amati vuto lalikulu linali mphako zokumbidwa motayirira. Besi ya StingRay ya kampani ya Music Man inatuluka mu 1976 ndi masikuluwu 3 omwewo, ndipo oimba akuzisakabe zakalezo mpaka lero, ngakhale pambuyo pake kampaniyo inadzafika pa 6.

Si zonse zayenda bwino. Mphako yanga ndi yothina kwambiri, moti tsiku lolowetsa khosi ndinkatha kunyamula gitala yonse pogwira khosilo popanda bawuti ngakhale imodzi. Pa zithunzi zimaoneka zaluso, koma thabwa limapuma. Chinyezi chikachuluka limafufuma m'lifupi, ndipo tsinde la maple linayamba kukankha makoma. Pa ngodya ya mbali ya nsambo yaing'ono, pamene khoma ndi lalifupi komanso lopyapyala, vanishi inachita kamng'alu konga tsitsi. Ndinalemba chizindikiro ndi pensulo pamene kanathera ndipo sikanapitirire. Ndi vanishi yokha, thabwa lili bwino. Komabe kamandibaya m'maso ndikamapukuta gitala. Mpata wokwana pepala limodzi m'mbali ukanateteza zimenezi popanda kuchotsa kulimba kulikonse, chifukwa makoma a m'mbali ntchito yawo ndi yochepa poyerekeza ndi pansi ndi khoma la kumapeto. Nditachotsa khosi ndinapalako pang'ono m'mbalimo ndi sandipepala.

Tizitsulo ta mazinga tija ndiye ndingatiikenso mosakayika. Nati ya truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi choliwongolera, pa khosi langa ili kutsinde, monga pa ma Fender akale, ndiye nyengo ikasintha ndiyenera kumasula khosi kuti ndiifikire. Sikuluwu wamba akamalowa ndi kutuluka m'thabwa amadya mazinga ake pang'onopang'ono, tsiku lina n'kungozungulira osagwira. Chitsulo pa chitsulo sichitopa motero. Chovuta chake chili poika: kachitsulo kakalowa mopendama ngakhale pang'ono, bawuti imakana, ndiye pamafunika makina oboolera oimirira, osati dzanja lokha. Muyeneranso kudziwa pamene truss rod yadutsa musanaboole, ndi kuyeza utali wa bawuti kuti isakatulukire pa mafuleti, tizitsulo topingasa pa khosi pomwe zala zimadina nsambo. Chinanso, bawuti imapana kwambiri popanda dzanja kumva kulemera, moti n'kosavuta kuphwanya thabwa la pansi pa washala. Miyezi yoyambirira thabwa la ash linaphwatalala pang'ono pamenepo, mabawuti n'kufuna kuwonjezera pafupifupi kota ya kuzungulira. Kuyambira apo sanapemphenso.

Buliji imene ndinaika ndi yokwererapo, choncho khosi linafunika kupendekera kumbuyo pang'ono. Ambiri amatsamiritsa kakhadi kumapeto kwa mphako. Zimagwira ntchito, koma zimasiya mphepo pansi pa tsinde, ndipo okonza ena amati m'kupita kwa zaka mafuleti omalizira amatukuka chifukwa cha zimenezo. Ine ndinapala kathabwa ka maple kodzaza mphako yonse, kokhuthala mbali imodzi n'kupyapyala mpaka kutheratu mbali inayo. Kanandidyera madzulo athunthu, koma nsambo zakhala pa msinkhu womwewo chaka chonse ndipo mafuleti a kumtunda sakulira phokoso.

Poyesa ngati khosi lasuntha sindidalira khutu. Ndimayeza mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ya E ndi m'mphepete mwa khosi pa fuleti yomaliza, kenako chimodzimodzi ku nsambo yaing'ono ya G. Manambala ndinawalemba tsiku lomanga, ndipo sanasinthe. Pobwezeretsa khosi ndimamanga mabawuti pang'ono, n'kutchuna nsambo, kenako n'kuwamasulako pang'ono kwambiri kuti nsambozo zikokere tsinde pa khoma la kumapeto. Nthawi zina pamamveka kuti "the", ndiye ndimamanga zenizeni, kuyambira a pakati.

Za kamvekedwe musayembekeze zozizwitsa. Pali amene amalumbira kuti mabawuti achitsulo amatalikitsa kulira kwa nsambo. Makutu anga sanamve kusiyana koti n'kuikirapo umboni. Malo ogontha a pa nsambo ya G, pamene kulira kumatha msanga, chapakati pa fuleti 5 ndi 7, omwe amadziwika pa mabesi ambiri a mtundu wa Fender, aliponso pa yanga. Amachokera ku kunjenjemera kwa khosi lonse, ndipo mphako yabwino siyiwachiritsa.

Pa besi yachiwiri, imene matabwa ake akuuma pakali pano, ndiika mabawuti 5, ndisema ngodya ya kumsana kuti chikhatho chifike bwino ku mafuleti a kumtunda, ndipo nati ya truss rod ipita kumutu kuti khosi lizingokhala m'malo mwake osamasulidwamasulidwa.