Khofi wa shuga ndi mkaka kapena wopanda kanthu?

M'mawa wa Juni ku Ulongué, tauni ya ku Mozambique, kukazizira mpaka zala kuuma, khofi wothira mkaka wa m'chitini ndi masupuni atatu a shuga amatsika bwino kukhosi, sindingakane. Koma kasupuni kamodzi ndi magalamu 4 a shuga. Makapu awiri patsiku ndiye magalamu 24, mkaka wotsekemera uja tisanauwerengere n'komwe.

Wopanda kanthu, masiku oyamba ndinkamwa nditachita tsinya, kuwawa kwake ngati mankhwala a malungo. Pano lilime linazolowera, fungo la khofiyo ndikulimva bwino. Ricoffy sawawa kwambiri ngati Nescafé, choncho woyamba kumene ayambire pamenepo. Ine ndimamwera mbatata yowotcha, poti ndi yotsekemera kale. Shuga wa m'nyumba akumumaliza ndi ana, m'phala.