Patha miyezi 14 chitsukireni grout wa m'khitchini mwanga

Mwezi watha kunabwera alamu anga, omwe aja anandipeza chaka chatha nditagwada m'khitchini, burashi ili m'manja, mawondo atafiira. Asanakhale n'komwe pampando anayang'ana pansi n'kufunsa kuti, "Alamu, ntchito ija inapindula, kapena munangodzivutitsa?" Ndinawayankha kuti inapindula. Koma yankho lonse ndi lalitali, chifukwa pansi pomwepo pali mizere imene ikadali mbee, palinso ina imene yayamba kubwerera kumene inachokera.

M'khitchini ndi m'kakolido kolowera m'menemo muli matailosi a mwala wa travertine, a masentimita 40 mbali zonse. Mizere ya pakati pake ndi yotakata pafupifupi mamilimita 5, yodzazidwa ndi grout wa simenti wosakaniza mchenga. Titalowa m'nyumbayi ine ndinkayesa grout ameneyo anapangidwa wakuda chomwecho. Zoona ndinazidziwa tsiku limene tinasuntha filiji: pansi pake mizere inali yoyera ngati mchenga wouma, pomwe pakati pa chipinda inali bii.

Ndiyambe ndi cholakwa changa, poti chikuonekabe mpaka lero. Munthu wina anandiuza kuti viniga amachotsa litsiro lililonse, ine osafunsanso kwina. Ndinathira pa tailosi limodzi pafupi ndi khomo, n'kusiya mphindi 10 kuti alowerere. Pobwera ndinapeza mzere wayera pang'ono, inde, koma pamwala pachita chibanga cha mbuu, chokhakhala ukachigwira ndi chala. Travertine, marble ndi limestone ndi miyala ya calcium carbonate, ndipo asidi amaidya. Viniga wa m'botolo amakhala ndi asidi pafupifupi 5 peresenti, pH yake (muyeso wa asidi, nambala ikachepa asidi ndi wamphamvu) siifika pa 3, ndiye sikuti anadetsa mwalawo ayi, anausungunula pamwamba. Madzi a mandimu amachitanso chimodzimodzi. Malangizo a vinigawa amafala chifukwa pa matailosi a ceramic savulaza kwenikweni, koma ngakhale pamenepo grout wa simenti amafooka akamathiridwa asidi kawirikawiri. Chibanga chija sichitsukika. Chimafuna kupala ndi kupolisha mwala, ndipo ine ndinangochileka.

Chimene chinagwira ntchito ndi ufa woyeretsa wa oxygen, umene pa paketi amalemba kuti sodium percarbonate. Ukausungunula m'madzi ofunda umasanduka hydrogen peroxide ndi soda, ndiye ulibe asidi. Ndinkathira m'mizere malo ochepa nthawi imodzi, matailosi 6 kapena 8, n'kudikira mphindi 15, kumawonjezera madziwo kuti pasaume. Kenako kukwecha ndi burashi ya nayiloni yopyapyala, m'makona ndi mswachi wakale. Burashi ya waya ndinaipewa, chifukwa mwala umenewu ndi wofewa, pa muyeso wa kulimba kwa miyala wa Mohs, wofika pa 10, uli cha pa 3 kapena 4 basi. Gawo limene ambiri amalidumpha ndi lotola madzi akudawo. Ukangokwecha n'kuwasiya, amabwerera m'timabowo ta grout momwe anachokera. Ndinkawatola ndi nsanza, kutsukuluza ndi madzi oyera kawiri, kenako kupukuta ndi thaulo. Madzi osakaniza ufawa sachedwa kutha mphamvu, pakangopita maola ochepa basi, ndipo osawasunga m'botolo lotseka chifukwa amatulutsa mpweya. Chipinda chonse chinanditengera masiku awiri.

Jiki sindinamugwiritse ntchito. Amayeretsa mtundu koma mafuta ndi sopo wakale amatsala momwemo, ndipo akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wa chlorine, woopsa m'chipinda chotseka.

Ndinadikira masiku atatu kuti grout aume, kenako ndinapaka sealer, mankhwala oletsa madzi ndi mafuta kulowa mu grout, wa mtundu wolowerera m'kati, osati uja wokhala pamwamba ngati vanishi. Ndinkapaka ndi kaburashi ka penti, mzere ndi mzere, kawiri. Pa botolo analemba kuti wotsala pamwamba pa tailosi apukutidwe pasanathe mphindi zochepa. Kuseri kwa chitseko ndinaiwala, ndipo panauma kachifunga konata. Ndinakachotsa popakanso sealer yemweyo pang'ono kuti kafewe, n'kupukuta msanga ndi nsalu youma.

Miyezi itatu yoyamba ndinkachita kunyada. Madzi akatayika ankangokhala timadontho pamwamba pa mzere, osalowa. Mafuta ophikira akadontha, kupukuta kamodzi kokha pathera pomwepo.

Pofika mwezi wa 6 chipakireni sealer ndinaona kuti kutsogolo kwa sinki ndi pakhomo lotulukira panja mizere yayamba kuchita mdima. Ndinayesa monga amayesera: kudontheza madzi pang'ono pa grout n'kuyang'ana. Pansi pa tebulo dontho linakhala chikhalire mpaka ndinatopa kudikira. Pasinki linamira pasanathe mphindi, n'kusiya banga lakuda lonyowa. Sealer yemweyo, wopakidwa tsiku limodzi, dzanja lomwelo. Pa botolo amalonjeza zaka, ndipo mwina pansi pa tebulo afikadi zakazo. Koma pamene pamapondedwa tsiku lililonse ndi pamene pamanyowa kawirikawiri, kwa ine anangokwana theka la chaka. Mwezi wa 8 ndinatsukanso malo awiriwo n'kupakanso, ntchito ya ola limodzi osawerengera kudikira kuti paume.

Komabe chimene chandiphunzitsa kwambiri si sealer, ndi chikolopa. Ndinakhala ndikudzifunsa kuti kodi litsiro lonse lija linkalowa bwanji m'mizere, pomwe m'nyumba muno timakolopa pafupifupi tsiku lililonse. Yankho ndinaliona ndi maso tsiku lina dzuwa litalowa pawindo nditangomaliza kukolopa. Matailosi anali atauma kale, koma m'mizere monse munali mukunyezimira timitsinje ta madzi. Grout amakhala wotsikirako pang'ono kuposa tailosi, ndiye chikolopa chikamadutsa, m'mphepete mwa tailosi mumafinya madzi ake n'kuwasiya m'ngalandemo. Madziwo ndi a m'chidebe chimene mwatsukiramo kale theka la nyumba. Amauma, litsiro n'kutsala. Mukawonjezera sopo wambiri, sopoyo amasiya kautomoni kamene fumbi limakakamirapo. Zaka zonsezi tinkadetsa grout ndi manja athu, tikuyesa tikuyeretsa.

Ndiye ndinasintha. Ndimayamba ndasesa bwinobwino, chifukwa mchenga wobwera ndi nsapato ndi wolimba kuposa mwalawu, quartz wa mumchenga ali pa 7 pa muyeso wa Mohs uja, ndipo ukaukoka ndi chikolopa umakanda tailosi n'kupala sealer. Ndimatenga zidebe ziwiri, china cha madzi a mankhwala otsukira mwala, aja a pH 7, opanda asidi, china chotsukuluzira chikolopa. Mankhwalawo ndimathira monga alembera, osapitirira poganiza kuti thovu lambiri ndiye ukhondo. Chikolopa ndimachifinya mpaka chingotsala chachinyezi. Pomaliza ndimaponda thaulo lakale n'kumayenda nalo chokhwekhwereza m'chipinda chonse. Ana amaseka akandiona, koma thaulolo limatuluka lotuwa nthawi zonse, ndipo litsiro limenelo likanatsala m'mizere.

Umboni wake unabwera wokha. Mwezi wa 10 ndinachokapo masabata asanu, ndipo otsala pakhomo anabwerera ku njira yakale, chidebe chimodzi ndi sopo wa ufa wochapira zovala. Sindiwadzudzula, ndi mmene tonse tinkachitira. Pobwera ndinapeza mizere ya pakati pa khitchini yadera, ngakhale pamene sealer anali akadali wamphamvu. Chosangalatsa n'chakuti ulendo uno litsiro linali pamwamba chabe. Madzi ofunda, burashi, mphindi 40, n'kubwerera mwakale. Apa ndi pamene ndinaona phindu lenileni la sealer: saletsa grout kuda, amangochititsa kuti kudako kusalowe m'kati.

Pali zinthu zitatu zimene kutsuka sikunathetse. Pambali pa chitofu pali banga la mafuta akale, lotalika ngati chikhatho, limene linalowa kale mpaka pansi. Ndinayesa kumatapo phala la soda wophikira, kuphimba ndi pulasitiki usiku wonse, kawiri konse. Linazimirira pang'ono n'kuima pomwepo. Chachiwiri, pakhomo lotulukira panja nthawi ya mvula mumatuluka ufa woyera m'mizere. Poyamba ndinkayesa ndi sopo, koma ndi mchere umene chinyezi chimakweza kuchokera m'simenti ya pansi. Ukauthira madzi umasowa n'kubweranso pakauma, ndiye ndimangousesa ndi burashi youma.

Chachitatu ndi mng'alu wa m'mphepete, pamene pansi pakumana ndi khoma. Ndinagoba grout wakale n'kuikamo watsopano, ndipo ndinalakwa kawiri. Mtundu wake sunafanane ndi wakale, wayera kwambiri, moti maso amathamangira pomwepo. Ndipo patangotha miyezi inayi wang'ambikanso pamalo omwewo, chifukwa khoma ndi pansi sizisuntha mofanana, pamene simenti sipindika. Pamenepo pamafunika silicone, yemwe amatamuka, ndipo pa mwala wotere akhale wolembedwa kuti ndi woyenera mwala wachilengedwe, chifukwa wina amadetsa m'mbali mwa tailosi.

Alamu aja anandifunsanso ngati sikukanakhala bwino kungopaka penti wa grout, uja amaphimba mzere wonse ndi mtundu umodzi. Ndinaganizapo. Pa matailosi osalala a ceramic ndikanatero, chifukwa wopitirira umangopukuta. Koma travertine ali ndi timabowo tambirimbiri, ndipo pentiyo akalowamo m'mbali mwa tailosi sangatulukenso. Kugoba zonse n'kuika grout wa epoxy, amene samwa madzi, ndi ntchito ya mmisiri, ndipo khitchini ingatsekedwe masiku angapo. Pa mmene zilili pano sindikuona chifukwa chake.

Ndikadati ndiyambirenso, ufa wa oxygen ndikanaugwiritsanso ntchito, sealer wolowerera ndikanagulanso, koma botolo laling'ono, chifukwa lalikulu lija latsala loposa theka. Chimene ndikanawonjezera ndi kansalu kochindikala kogwadira, ndi chopondera mapazi chachiwiri m'kati mwa khomo, chimene ndinachedwa nacho mpaka mwezi wa 9.

Alamu atachoka ndinadonthezanso madzi kutsogolo kwa sinki. Dontho linaima kanthawi, kenako m'mbali mwake munayamba kuda. Patha miyezi 6 chipakireni pamenepo, ndiye Loweruka lino nditsuka, Lachiwiri ndipake. Kaburashi kaja ndakapeza m'kabati, kauma gwa, ndigula kena.