Mwambo wa mpingo kapena "musandiweruze"?

Kuno ku Kasungu ndikuona akhristu amitundu iwiri. Akuluakulu a CCAP ya Nkhoma Synod anakula akudziwa kuti ukachita chigololo kapena akakupeza ukutcheza kachasu bwalo la mpingo likuitana, akuimitsa mgonero mpaka ulape, ndipo mlaliki akafika pa Ahebri 9:27 zoti munthu amafa kamodzi kenako chiweruzo tchalitchi chonse chimangoti zii. Vuto lake nthawi zina bambo amene wagulitsa bwino fodya ku okushoni samukhudza, koma kamtsikana kakangotenga mimba ndiye nkhani mpaka kumsika.

Achinyamatafe ndiye tinangoloweza vesi imodzi basi, Mateyu 7:1. Ukamudzudzula munthu pa WhatsApp akuti musandiweruze woweruza ndi Mulungu yekha, akuyankhula ngati tsiku loweruzalo silidzafika nkomwe. Timakonda Mulungu wa madalitso, wa ntchito ndi viza, za mlandu ayi takana.

Ine ndikupendekera kwa akuluakulu aja bola tsankho lichoke, chifukwa chaputala chomwecho pa vesi 21 Yesu akunenetsa kuti si onse omutchula Ambuye amene adzalowe mu ufumu wakumwamba.